Mlendo ndi Mame: Tsiku Limodzi m'Misewu ya Barbados

Makolo akamati mlendo ndi mame sankanenera mlendoyo. Ankanenera mwini khomo. Mayi akayamba kung'ung'udza kuti ufa ukutha msanga m'dengu, ana akamadandaula kuti mphasa yawo yaperekedwa kwa munthu wobwera, wamkulu ankawakhazika mtima pansi: pirirani, mutenthetsereni madzi osamba, nkhuku igwidwe, mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Dzuwa likakwera udzu uuma, pakhomo pabwerera mwakale. Nzeru imeneyi ndi yokoma, koma yatsamira pa chinthu chimodzi, choti mlendo amabwera mwa apo ndi apo. Sinaganizire za khomo limene alendo amagwapo m'mawa uliwonse, osati mmodzi kapena awiri, koma zikwi.

Khomo lotero ndi Bridgetown, likulu la Barbados, chilumba chimene chili kum'mawa kwenikweni kwa zilumba za Caribbean. Kuyambira Disembala mpaka Epulo, kumaiko a kumpoto kukamazizira, sitima zikuluzikulu zonyamula anthu opita kokapumula zimakocheza padoko lake dzuwa lisanawawe, nthawi zina zitatu kapena zinayi tsiku limodzi. Ina imatsitsa anthu 2,000, ina kuposa 4,000. Chilumbacho n'chaching'ono, makilomita 34 m'litali ndi 23 m'lifupi, ndipo eni ake alipo pafupifupi 280,000. M'zaka zimene malonda ayenda bwino, alendo a pa sitima amene amaponda padokoli pa chaka amaposa eni dziko kawiri. Ambiri mwa iwo sagona. Amatsika cha m'ma 8 koloko, ndipo pofika 5 koloko madzulo zingwe zamasulidwa, sitima yaloza chilumba china. Ngati pali mlendo amene mwambi uja umamukwana ndendende, ndi ameneyu.

Eni dziko mbali yawo ya mwambi anaikwaniritsa kale. Mu 2020, matenda a Covid-19 atatseketsa madoko ambiri, sitima zodzaza ndi antchito zikusowa kolowera, Barbados inazilola kuima m'madzi ake ndipo inathandiza anthuwo kukwera ndege kubwerera kwawo. Choncho funso latsala kwa mlendo. Mame enieni sasankha pogwera. Koma munthu wotsika sitima ali ndi maola 8 kapena 9 m'manja mwake, ndipo akhoza kusankha kumene apite, amene alankhule naye, ndi dzanja limene lilandire ndalama yake.

Ena satuluka n'komwe pachipata cha doko. Amazungulira m'masitolo a mawotchi ndi mafuta onunkhira, n'kubwerera kukadya nkhomaliro m'sitima poti chakudya analipiriratu. Ena amakwera mabasi okonzedwa ndi a sitima. Sindiwanyoza amenewa. Basi yotero ikachedwa sitima imadikira, ndipo oyendetsa ake ndi eni dziko odziwa mbiri ya kwawo. Koma mpando wa m'basimo umagulitsidwa m'sitima momwemo, a sitima amatapapo gawo lawo, ndipo malo oimapo anasankhidwa kale ndi anthu ena. Chilumba umachionera pagalasi, basi yonse mukutembenuzira khosi mbali imodzi. Ine mtima wanga uli ndi uja amene amachita hayala kagalimoto n'kugwira yekha chiwongolero. Sikuti n'kotchipa kapena kosavuta. Chachikulu chimene galimoto imakupatsa ndi buleki. Ukhoza kuima pamene palibe amene anakonza kuti uime.

Ku ofesi ya hayala mwambo ndi womwewo wa kulikonse: laisensi, khadi ya kubanki, kusaina mapepala a inshulansi, kenako kuzungulira galimoto ndi mnyamata wa pamenepo akuloza ndi cholembera paliponse pamene panakalika, n'kuonera limodzi pamene muvi wa petulo waima. Ku Barbados amayenda kumanzere. Alendo ochokera ku America ndiwo amavutika nazo, ndipo raundabauti yoyamba imawatulutsa thukuta. Dalaivala wozolowera misewu ya Malawi kapena Zambia manja ake sasokonezeka, chifukwa mtsamunda amene anatiphunzitsa kumanzere ndi yemweyo amene analamulira chilumbachi kuyambira 1627 mpaka pa 30 Novembala 1966.

Nambala za galimoto za kumeneko zimalankhula. Ya munthu wamba imayamba ndi chilembo cha dera lakwawo mwa madera 11 a chilumbachi: M ndi St Michael, X ndi Christ Church. Timaminibasi toyera tili ndi ZR, ndipo anthu amangotitchula ndi zilembo zomwezo. Ya hayala imayamba ndi H. Palibe kubisala, aliyense akudziwa kuti mkatimo muli wobwera. Ena amaopa kuti chilembochi chimaitana akuba, ndipo n'zoona kuti chikwama sichisiyidwa pampando. Koma chimene ndinaona ine n'chakuti chimaitananso chifundo. Ukazengereza pamphambano, wa kumbuyo sakuimbira hutala yaukali. Wobwera kutsogolo amakuthwanimitsira magetsi kuti dutsa, ndipo ukadutsa mumapatsana kahutala kakafupi kothokoza.

Misewu ya mkati mwa chilumba ndi yopapatiza ndi yokhotakhota, ina yopanda chikwangwani, nzimbe zitatalika mbali zonse moti kutsogolo sikuoneka. Mapu a pafoni amathandiza, koma chimene chapulumutsa alendo ambiri ndi zikwangwani za pamasiteji a basi. Chilichonse chalembedwa "To City" kapena "Out of City", kukuuza ngati mbali imeneyo ya msewu ikuloza ku Bridgetown kapena ikuchokako. Wosokera angotsata zoloza kumzinda, afika. Komabe safunsa anadya phula, ndipo kufunsa njira ndilo khomo loyamba limene mlendo wa tsiku limodzi angagogode. Koma moni ayambe. Ku Barbados munthu wolowa m'sitolo kapena m'basi amalonjera onse ali momwemo, ndipo wofunsa njira asanapereke moni amaoneka wopanda mwambo.

Chakumpoto, m'dera la St Peter, tinaima pafupi ndi mayi wina wachikulire amene ankasesa pakhomo pake.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Ndadzuka bwino, ana anga. Mwasokera?"

Anayamba kuyang'ana nambala ya galimoto asanayang'ane nkhope zathu. Njira anatilozera ndi tsache lomwelo: mupitirire tchalitchi, mukaona kasitolo kofiira musakhote, mukakhote pamene msewu wayamba kukwera. Kenako anafunsa kuti sitima yathu inyamuka nthawi yanji, nawerenga maola ndi zala.

"Ndiye musafune zonse," anatero. "Sankhani mbali imodzi, muione bwino."

Ndi nzeru yomwe ija yakuti ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Apusiwo alikodi, amadumpha msewu m'malo a mitengo, ndipo makolo awo anabwera pa sitima kuchokera kumadzulo kwa Africa zaka zoposa 300 zapitazo. Chilumba chaching'ono chimanyenga. Pamapu chimaoneka ngati ungachizungulire kawiri njala isanakugwire, ndipo chilichonse chikuitana: phanga la Harrison's Cave, fakitale ya mowa wa ramu ya Mount Gay imene mbiri yake imayambira mu 1703, bwalo la kiriketi la Kensington Oval, kanyumba kamene anakuliramo woimba Rihanna. Wofuna zonsezi amathera tsiku akutsegula ndi kutseka chitseko cha galimoto.

Gombe la kumadzulo ine ndimati lidutsidwe mofulumira. Msewu wochoka ku Bridgetown umadzera pa Holetown, pamene Angerezi oyamba anakhazikika mu 1627, ndipo madzi a mbali imeneyi ndi odekha ndi oyera. Koma kwa mtunda wautali nyanjayo suiona. Umaona mipanda ya mahotela ndi nyumba za anthu olemera. Lamulo limati gombe lililonse ndi la anthu onse, ndipo eni dziko salola kuti lamuloli liseweretsedwe, koma kuti ufike pamchenga umadzera m'tinjira topapatiza pakati pa mipanda iwiri. Kuona zimenezi kamodzi kwakwana. Pa Speightstown munthu akhotere kumtunda.

Kumtunda ndiko kuli nzimbe, ndipo nzimbe ndizo zinaumba dziko lino. M'zaka za m'ma 1640 Angerezi anasiya fodya ndi thonje n'kuyamba shuga, ndipo patangopita zaka makumi ochepa nkhalango pafupifupi yonse inali itagwetsedwa. Manja olima anachokera ku Africa, makamaka kumagombe a maiko amene lero ndi Ghana, Benin ndi Nigeria. Mu 1661 eni minda anakhazikitsa lamulo lonena za akapolo, lowatenga ngati katundu, ndipo lamulolo linakoperedwa ku Jamaica ndi ku South Carolina. Ukapolo utathetsedwa mu 1834, pachilumbachi panali akapolo oposa 80,000. Boma la Britain linapereka chipepeso cha mapaundi 20 miliyoni m'maiko ake onse, koma linapereka kwa eni akapolo. Omasulidwawo sanalandire kalikonse, ndipo anakakamizidwa kupitiriza kugwirira ntchito mabwana omwewo mpaka 1838. Nyumba ya St Nicholas Abbey, yomangidwa mu 1658, ikadalipo m'derali, ndipo si tchalitchi ayi, ndi nyumba ya mwini munda. Kungopitirira pang'ono, msewu umalowa mumthunzi wa mitengo ya mahogany n'kutulukira pa Cherry Tree Hill, pamene dziko limatseguka mwadzidzidzi, mapiri ndi makhwawa kutsikira ku nyanja ya Atlantic. Munsi mwake muli chigayo chakale cha mphepo cha Morgan Lewis, chimodzi mwa mazana amene ankafinya nzimbe. Lero fakitale ya shuga yatsala imodzi yokha, ya Portvale.

Pamalo amenewa mabasi a alendo amaima, ndipo n'koyenera. Koma chimene ine ndimafuna kuti wa galimoto aimire chili m'munsi mwa msewu, m'midzi imene ilibe chikwangwani. Ndi tinyumba tamatabwa, khomo pakati, zenera uku ndi uku, denga la malata losongoka, topakidwa utoto wowala. Alendo amatijambula chifukwa cha utotowo. Kuona maso a nkhono n'kudekha: tsika m'galimoto, pempha kwa eni, uwerame uyang'ane pansi. Kanyumbako sikanamangidwe m'nthaka. Kakhala pa miyala yosanjikiza, yopanda simenti, moti mphepo imadutsa kunsi ndipo nkhuku zimabisalako dzuwa.

Chifukwa chake n'chowawa. Ukapolo utatha, pafupifupi nthaka yonse yolimika inali ya eni minda. Ku Jamaica womasulidwa akanatha kukwera kumapiri n'kukayamba mudzi wake. Ku Barbados kunalibe thengo lothawirako. Munthu ankapatsidwa kamalo m'mphepete mwa munda kuti aikepo nyumba, koma pa pangano loti azigwira ntchito m'munda womwewo. Akayambana ndi kapitawo, kapena akafuna kukagwira kumene akulipira bwino, ankauzidwa kuti achoke. Nyumba inali yake, nthaka sinali yake. Ndiye anthu anaphunzira kumanga nyumba yoti ikhoza kuphwasulidwa, kukwezedwa pangolo, n'kukaimikidwa pena tsiku lomwelo. Apa mwambi uja umandipweteka. Anthu amene anabadwira panthaka imeneyi, amene agogo awo anaikidwa m'nthaka imeneyi, ndiwo anasandutsidwa mame. Anakhala alendo kwawo komwe kwa mibadwomibadwo, akudziwa kuti tsiku lililonse dzuwa likhoza kuwakamula.

Sanagonje. Banja likapeza kandalama linkawonjezera chipinda china kumbuyo ndi denga lakelake, kenako china, moti ukayang'ana cham'mbali umawerenga mbiri ya banjalo pa madenga otsatizana. Pakati pa 1904 ndi 1914 amuna pafupifupi 20,000 analembedwa ntchito yokakumba ngalande ya Panama. Ambiri anafera komweko, koma ndalama zimene ena anatumiza zinagula timinda ndi kuyambitsa midzi ya anthu odziimira paokha. Mu 1980 boma linakhazikitsa lamulo lopatsa anthu okhala pamalo a eni minda ufulu wogula pamene pali nyumba zawo. N'chifukwa chake lero umaona kanyumba kamatabwa kutsogolo, koma kumbuyo kwake kuli chipinda cha njerwa za simenti chokhala ndi maziko okumba. Wodutsa pa liwiro amangoti nyumba yosamalizidwa. Chipinda chimenecho chikunena kuti pano sitichokanso.

Msewu wa kugombe la kum'mawa umatsata mmene munkadzera njanji imene inatsekedwa mu 1937. Uku ndi dziko lina. Nthaka yake imagumuka mvula ikachuluka, phula limang'ambika, ndipo dalaivala ayenera kutsegula maso. Mahotela akuluakulu kulibe. Pa Bathsheba pali miyala ikuluikulu yoima m'madzi, yodyeka kunsi ndi mafunde, ndipo mafundewo ndi aukali moti eni ake amachenjeza mlendo kuti asalowe kukasambira. Olowamo ndi akatswiri oseweretsa mafunde pamatabwa, pamalo otchedwa Soup Bowl. Ukaima pamenepo n'kuyang'ana kum'mawa, gombe la Africa lili kutsidya, pa mtunda woposa makilomita 4,000. Mphepo imene ikukuomba kumaso imanyamula fumbi la chipululu cha Sahara, ndipo pa Ragged Point, kum'mawa kwa chilumbachi, asayansi akhala akuliyeza fumbilo kuyambira m'zaka za m'ma 1960.

Nyanja yomweyo yayamba kubweretsa china. Kuyambira 2011 ndere zofiirira zotchedwa sargassum zimakocheza m'magombe a kum'mawa milumilu. Zikayamba kuola zimanunkha ngati mazira ovunda, zimatsekera maboti njira, ndipo asodzi amadandaula kuti nsomba zouluka, zimene ndizo ndiwo yonyaditsa ya dziko lino, zachepa. Mu Julayi 2024 namondwe Beryl anaphwanya maboti ambiri a asodzi padoko lawo ku Bridgetown. Mlendo amene wangoona gombe losesedwa la kutsogolo kwa hotela sangazidziwe zimenezi. Wa galimoto amayamba kuzimva ndi mphuno asanazione.

Nkhomaliro idyedwe kuno, osati m'sitima. Pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi kasitolo kamene amagulitsamo ramu, buledi, sopo ndi nkhani za m'mudzi, kopakidwa utoto wa kampani ya mowa, madoda akumenyetsa madomino pathebulo mpaka mabotolo kunjenjemera. Wogwira chiwongolero ramuyo amusiye, amwe mauby, chakumwa chowawirako chopangidwa ndi khungwa la mtengo. Kamene tinalowamo ife, chitseko cha kukhitchini chinali chotsegula, ndipo mayi wophika anatilola kuima pakhomo. Anali atawiritsa therere lodulidwa mozungulira, natsanulira madzi ake oterera m'mbale. Mumphika munali ufa wachikasu wa chimanga woviikidwa kale. Ankathira madzi a therere pang'onopang'ono, akuvundula ndi kamtengo kaphanthiphanthi, dzanja lina litagwira mphika ndi kansalu, mpaka zinayamba kulimba ndi kusiya m'mbali mwa mphika. Kenako anabwezeramo therere lija, napaka batala m'kambale, naponyamo mtanda n'kuugubuduza mpaka kusalala, nauvundikira pambale, naboola pamwamba ndi supuni kuti msuzi wa nsomba ukhalepo. Dzina lake ndi cou-cou. Munthu wakwathu safunika kumuuza kuti akuona chiyani. Ndi nsima imene yakumana ndi therere mumphika umodzi, ndipo kamtengo kaja ndi mthiko. Anthu amene anawoloka nyanja opanda kanthu m'manja anafika ndi kaphikidwe m'mutu.

Ndalama ya mbale imeneyo ndi yochepa, koma imalowa m'thumba la epuloni osadzera kwina. Ndalama ya Barbados inamangiriridwa ku dola ya America kuyambira 1975, ziwiri pa imodzi, choncho kuwerengera sikuvuta ndipo palibe chifukwa chonenerera mtengo kwa mayi wogulitsa chakudya. Pali chinanso choyenera kudziwa. Chilumbachi ndi cha mwala wa laimu, mitsinje n'njochepa, madzi ambiri amachokera pansi pa nthaka, ndipo Barbados ili m'gulu la maiko osowa madzi. Anthu a m'madera okwera monga St Joseph akudziwa masiku a mipopi youma ndi kudikira galimoto ya madzi. Wosamba m'manja pa kasitolo ka kumeneko atseke mpopi msanga.

Kuchokera ku Bathsheba msewu umakwera n'kudutsa pakati pa chilumba kulowera kum'mwera. Malo amene ndimati asaphonyedwe, ngakhale zitatanthauza kusiya phanga ndi fakitale ya mowa, ndi Newton, m'dera la Christ Church. Pamene tinafikapo panalibe sitolo, panalibe wogulitsa zikumbutso. Ndi kabwalo ka udzu pakati pa minda, pali timitumbira tosaoneka bwino ndi mitengo ingapo. Apa ndi manda a akapolo a munda wa Newton, ndipo akatswiri amayerekeza kuti pagona anthu pafupifupi 570. Malowa anapulumuka chifukwa nthaka yake ndi yamiyala, khasu la nzimbe silinafikepo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 gulu lotsogozedwa ndi Jerome Handler linafukula mbali ina. M'manda amodzi anapezamo bambo wachikulire ataikidwa ndi mpeni wachitsulo, zibangili, kaliwo wadothi woumbidwa ku Gold Coast, komwe lero ndi Ghana, ndiponso mkanda wa m'khosi wotungidwa ndi tizigoba ta m'nyanja, mano a agalu, mafupa a msana wa nsomba ndi mikanda yagalasi. Ofukulawo amaganiza kuti anali sing'anga. Dzina lake silinalembedwe paliponse pamandapo. Koma anthu ake, amene masana onse anali katundu wa munthu wina, anapeza nthawi yomuika mwaulemu, ndi zida za ntchito yake, monga amaikidwira munthu wamkulu kwawo.

Pamanda sapita ndi phokoso, ndipo sapondapo mwachisawawa. Mphindi 20 zimene munthu angaime pamenepo sizibweza kanthu kwa ogonawo. Komabe ndimakhulupirira kuti mlendo amene wadya shuga moyo wake wonse, amene wabwera pa sitima yodutsa m'madzi omwewo amene anadutsa iwo, ali ndi ngongole ya kuima. Basi ya anthu ofuna gombe siingapatuke kubwera kuno, ndipo sindiiimba mlandu. Wa galimoto alibe chowiringula.

Pobwerera kumzinda, msewu waukulu wa ABC umadutsa maraundabauti otchedwa maina a anthu otchuka a dziko lino, monga Errol Barrow, nduna yaikulu yoyamba, ndi Garfield Sobers wa kiriketi. Pa Haggatt Hall, pakati pa raundabauti, paima chiboliboli cha munthu wokweza manja, maunyolo oduka akulendewera. Anachiumba Karl Broodhagen, chinaimikidwa mu 1985, ndipo anthu amachitcha Bussa, dzina la kapolo amene anatsogolera kuukira kumene kunayamba pa 14 Epulo 1816 m'dera la St Philip. Minda ya nzimbe inayaka, asilikali anathetsa kuukirako m'masiku ochepa, Bussa anafera pankhondo, ndipo anthu oposa 100 anaphedwa pambuyo pake ataweruzidwa. Kuima pamenepo n'kovuta chifukwa galimoto zimathamanga, koma wochokera ku Newton akachiona ngakhale pawindo amadziwa chimene manja aja akunena. Amamvetsanso chifukwa chake mu 2020 chiboliboli cha Horatio Nelson, msilikali wa Britain, chinachotsedwa pakati pa Bridgetown, pamene chinaima kuyambira 1813, ndi chifukwa chake pa 30 Novembala 2021 dzikoli linasiya kukhala pansi pa mfumukazi ya Britain, Sandra Mason nakhala pulezidenti woyamba.

Pali zotsutsa zimene sindingazikane. Tsiku limodzi silipatsa munthu ufulu wonena kuti akuidziwa Barbados. Galimoto iliyonse ya H ndi katundu wowonjezera pamisewu yodzaza kale. Ndipo pachipata cha doko pamaima madalaivala a matakisi amene ana awo amadya chifukwa cha alendo omwewa, moti aliyense wochita hayala galimoto ndi kasitomala amene wawadutsa. Kwa munthu amene akuopa chiwongolero, kapena amene maso ake atopa, ndimati apangane ndi mmodzi wa madalaivalawo pachipata pomwepo, amuuze kuti akufuna Bathsheba ndi Newton, ndipo nkhomaliro akadye kumene amadya iyeyo. Buleki ikhala ili m'phazi la mnzake, koma mawu oti "taimani apa" akhala ali ake.

Chimene sichikambirana ndi nthawi. Wopita payekha sitima simudikira. Nthawi yoti onse akhale atakwera imalembedwa pakhomo lotsikira, kawirikawiri theka la ola sitima isananyamuke, ndipo wotsala amadzilipirira yekha ndege yokaipeza sitimayo kudoko lotsatira. Cha m'ma 3 koloko ana akaweruka kusukulu, misewu yolowa mu Bridgetown imathina, ndipo mtunda umene m'mawa unatenga mphindi 15 ukhoza kudya ola. Petulo ayeneranso kubwezeredwa pamene muvi unali. Wanzeru amayamba kutsata zikwangwani zoloza kumzinda kukadali maola awiri.

Mnyamata wolandira makiyi anazungulira galimoto, nayang'ana matayala. M'mphepete mwa zitseko munali matope ofiirira ndi timasamba ta nzimbe.

"Mwafika kuti, bwana?"

Tinamutchulira malo. Pa dzina la Bathsheba anadzutsa mutu. Anati kwawo n'komweko, ku St Joseph, ndipo amayi ake akadali kumeneko, koma iye amapitako Lamlungu lokha chifukwa nyengo ya sitima ntchito siilola.

"Nderezo zafika kale?"

Tinamuuza kuti zafika, koma maboti a asodzi a kumeneko anali atatuluka. Anagwedeza mutu, nasaina pepala, natiuza kuti tifulumire chifukwa pachipata pamakhala mzere. Mnzake anali atayamba kale kukoka paipi ya madzi, poti m'mawa mwake kunkabwera sitima ziwiri ndipo galimotoyo inali itasungitsidwa kale ndi anthu ena.